Ndende ya Hỏa Lò ndi alendo ogwa kumwamba

Pakati pa mzinda wa Hanoi ku Vietnam, pa mtunda wosakwana kilomita imodzi kuchokera ku nyanja ya Hoàn Kiếm, pali khoma lachikasu lokhala ndi chipata cholembedwa mawu awiri a Chifalansa: Maison Centrale. Kuseri kwa khomalo kwaima nyumba zosanja za maofesi, mashopu ndi zipinda zogona alendo a ndalama. Kachigawo kopanikizika pakati pa chipata ndi nyumba zosanjazo ndi kokhako kamene katsala pa ndende imene eni mzinda amaitcha Hỏa Lò, pamene anthu a ku America amaitcha Hanoi Hilton. Mitundu iwiriyi ikamasimba za malowa mungayese ikunena ndende ziwiri zosiyana. Koma ndende ndi imodzi, ndipo matangadza ake anali omwewo.

Kale pamalopa panali mudzi wa Phụ Khánh. Anthu ake ankaumba miphika, maketulo ndi mbaula zadothi nkumagulitsa mumzinda monse, ndipo dzina la Hỏa Lò linachokera ku mbaula zimenezi. Mu 1896 atsamunda a ku France anasamutsa mudziwo, nayamba kumanga ndende moyandikana ndi khoti lawo. Anamanga mosaumira. Makoma anali otalika mamita 4, okhuthala theka la mita, pamwamba pake atamatapo magalasi oswa ndi kudutsitsapo mawaya a magetsi. Maloko ndi zitsulo za m'zitseko zinachokera ku France komweko.

Ndendeyi anaikonzera akaidi 450. Mu 1913 anaikuza kuti izisunga 600, koma pofika 1933 munali anthu 1,430, ndipo pamene ulamuliro wa France unkatha mu 1954 munali mutathithikana anthu oposa 2,000. Akaidi ankagona mondondozana pa nsanja zazitali, akakolo ali m'matangadza. Wosamvera ankaponyedwa m'kachipinda kamdima kamene pansi pake anachita kupendeketsa dala, kuti munthu womangidwa miyendo akagona mutu uzikhala kumunsi. Munalinso makina odulira mitu, chimpeni cholemera chogwa kuchokera pamwamba, ndipo alipo mpaka lero.

Cholinga chinali kufooketsa omenyera ufulu, koma ndendeyo inasanduka sukulu yawo. Ophunzira ankaphunzitsa anzawo kuwerenga ndi ndale, nkumalemba timanyuzipepala tozembetsa. Pabwalo panali mtengo wa bàng, umene masamba ndi zipatso zake zinali mankhwala a odwala, ndipo patsinde pake ankasiyirana timakalata. Mu Malichi 1945, asilikali a Japan atalanda ulamuliro m'manja mwa France, akaidi oposa 100 anathawa, ambiri podzera m'ngalande za zonyansa. Mmodzi mwa iwo anali Đỗ Mười, amene mu 1991 anadzakhala mlembi wamkulu wa chipani cholamula. Trường Chinh, Nguyễn Văn Linh ndi Lê Duẩn nawonso anagonamo. Dzina la Lê Duẩn tiligwire bwino, chifukwa kuyambira 1960 ndiye ankayendetsa chipani, ndipo nkhondo yolimbana ndi America inali m'manja mwake. Boma la North Vietnam limene linadzasunga oyendetsa ndege a ku America linkatsogoleredwa ndi anthu odziwa kulemera kwa matangadza a mu Hỏa Lò, poti anali atawavalapo.

Mlendo woyamba wogwa kumwamba anafika mu Ogasiti 1964. Pa 5 mwezi umenewo boma la America, lotsogoleredwa ndi Lyndon Johnson, linatumiza ndege kukaphulitsa madoko a North Vietnam, ponena kuti likubwezera kuukiridwa kwa sitima zake pa nyanja ya Tonkin. Ndege ya A-4 Skyhawk ya Everett Alvarez, mnyamata wa zaka 26 wa ku Salinas ku California, inaomberedwa pafupi ndi Hòn Gai, iye nkugwera m'madzi. Kwa miyezi isanu ndi umodzi analibe mnzake wa kwawo m'ndende yonseyo. Anadzatuluka patapita zaka 8 ndi theka.

Kuyambira Malichi 1965 mpaka Novembala 1968 mabomba anagwa mosalekeza pa ndondomeko imene America inaitcha Rolling Thunder. Ankafuna milatho, njanji, nkhokwe za mafuta ndi misasa ya asilikali, koma bomba silifunsa kuti pansi pali ndani, ndipo anthu wamba masauzande ambiri anafa. North Vietnam inalandira mizinga ya SA-2 ndi mfuti zoombera ndege kuchokera ku Soviet Union ndi China, choncho ndege zinayamba kugwa mazanamazana. Amene parachuti yamutsegukira ankatera m'munda wa mpunga, kawirikawiri atathyoka mkono kapena msana chifukwa cha mphamvu ya mpando womuponyera kunja. Omulandira anali alimi a dera limene mwina langoika kumene maliro a bomba. Ambiri mwa oyendetsa ndegewo anadzasimba okha kuti asilikali ndiwo ankawalanditsa m'manja mwa anthu wamba olusa.

Apa mpamene panagona mkangano wa malamulo. North Vietnam inali itavomera mapangano a ku Geneva oteteza akaidi ankhondo mu 1957, koma inaikapo mawu akuti munthu wopezeka ndi mlandu wa nkhanza za pankhondo sangatetezedwe ndi mapanganowo. Inkanenanso kuti America sinalengeze nkhondo, choncho ogwidwawo sanali akaidi ankhondo koma zigawenga za mumlengalenga. Bungwe la Red Cross la padziko lonse silinaloledwe kuwayendera, ndipo kwa zaka zingapo mndandanda wathunthu wa maina awo sunaperekedwe. Akazi ambiri ku America ankakhala osadziwa ngati ali pabanja kapena ali amasiye. Mkwiyo wa mlimi amene wafedwa mwana ndi womveka kwa aliyense. Koma boma lotsekera munthu wovulala m'chipinda, nkumumanga zingwe kuti alembe kalata, silichita zimenezo chifukwa cha mkwiyo. Limachita litaganiza, lili ndi cholinga.

Cholingacho sichinali kwenikweni zinsinsi za nkhondo, poti zimene woyendetsa ndege amadziwa zimatha ntchito m'masiku ochepa. Chofunika chinali kalata yovomera kulakwa, mawu ojambulidwa pa tepi, kapena nkhope yoonetsa kwa atolankhani, zoti zikafike kwa anthu a ku America amene anali atayamba kudana ndi nkhondoyo. Njira imene akaidi onse amaikumbukira ndi ya zingwe. Ankamanga manja kumbuyo, nkukoka mpaka zigongono zitakhudzana ndi mapewa kuguluka, kenako nkukanikizira mutu pansi pakati pa miyendo. Ena ankakhala m'matangadza milungu ingapo, ena kukwapulidwa ndi mphira, ena kukhala okha m'selo kwa zaka. Lance Sijan, amene anazemba m'nkhalango masiku 46 ali wothyokathyoka asanagwidwe, anafera mu Hỏa Lò mu Januwale 1968. Edwin Atterberry anathawa pa ndende ina ya mumzindamo mu Meyi 1969 pamodzi ndi John Dramesi, anagwidwa m'mawa mwake, ndipo sanatuluke wamoyo.

Asilikali a America anali ndi lamulo lawo, lokhazikitsidwa mu 1955 nkhondo ya ku Korea itatha, lakuti wogwidwa azingotchula dzina, udindo, nambala yake ya usilikali ndi tsiku lobadwa. Zingwe zinaonetsa kuti lamulolo linalembedwa ndi anthu okhala pa mipando yawofuwofu. Pafupifupi aliyense amene anamangidwa anafika pogonja nkulemba kanthu, ndipo pobwerera m'selo manyazi ankamupweteka kuposa mapewa. Akuluakulu a pakati pawo, makamaka James Stockdale, Robinson Risner ndi Jeremiah Denton, anazindikira kuti manyazi amenewa ndiwo angawamalize. Choncho anakonza malamulo otheka kwa munthu wa thupi ndi magazi: kana mpaka akupweteke, ukagonja upereke zochepa ndi zabodza, uuze anzako zimene wanena, ndipo mawa uyambirenso kukana. Stockdale anawonjeza kuti asawerame pagulu, asayankhule pa wailesi, asavomere milandu, ndipo asalandire mwayi wopita kwawo anzawo akutsala. Kwa ine iyi ndiyo mbali yopatsa ulemu pa mbiri yawo yonse, kuposa nkhani za ukatswiri wa mumlengalenga, chifukwa anavomera kuti munthu amathyoka nkupeza njira yoti wothyokayo asatayidwe.

Koma malamulowo akanafika bwanji kwa anthu otsekeredwa payekhapayekha, oletsedwa ngakhale kunong'ona? Yankho linabwera ndi Carlyle Harris, amene ndege yake ya F-105 inagwetsedwa mu Epulo 1965 pa mlatho wa Thanh Hóa. Iye anakumbukira njira yogogoda imene mphunzitsi wina anaitchula mongodutsa pa maphunziro. Zilembo 25 zimaikidwa m'mizere isanu, zisanu pa mzere uliwonse, ndipo K amachotsedwa, C nkumagwira ntchito yake. Pofuna kutumiza chilembo, umagogoda kaye nambala ya mzere, nkupumira, kenako nambala ya malo ake mumzerewo. B ndi kamodzi, kenako kawiri. S ndi kanayi, kenako katatu. Poyamba zimaoneka zochedwa, koma munthu wopanda chochita tsiku lonse amafulumira. Posakhalitsa khoma silinali lofunikanso: wosesa pabwalo ankatumiza uthenga ndi kakokedwe ka tsache, wina ndi kutsokomola, wina ndi kukutumula chovala pochapa. Wofika kumene ankamva khoma likugogoda usiku woyamba, nkuphunzitsidwa, nkufunsidwa dzina ndi nkhani za kwawo. Ena anakhala mabwenzi a ponda apa nane mpondepo kwa zaka asanaonane nkhope. Usiku ankatsazikana ndi zilembo zitatu zoimira mawu akuti Mulungu akudalitse.

Maina anathandizanso. Robert Shumaker, wachiwiri kugwidwa, ndiye amadziwika kuti anayambitsa dzina lachipongwe la Hanoi Hilton, potengera mahotela apamwamba a kwawo. Zigawo zina za ndende anazipatsa maina a nyumba za juga za ku Las Vegas, monga Stardust, Desert Inn ndi Thunderbird. Moyo wa mu hotelayi unali wa bedi la simenti kapena thabwa, mphasa, ndowa yodzithandizira, makoswe, ndi chimkuzamawu cholalikira za kugonja kwa America m'mawa ndi madzulo. Chakudya chinali kawiri pa tsiku: buledi kapena mpunga, ndi msuzi wa maungu miyezi ingapo, kenako wa kabichi miyezi ina. Ankavala zovala za mizeremizere ndi nsapato zodulidwa ku matayala akale. Tisaiwale kuti kunja kwa mpanda nako anthu ankalandira mpunga wa muyeso, ndipo alonda ankakonda kuwakumbutsa zimenezo.

Mu Meyi 1966 Denton anamuika pamaso pa kamera ya mtolankhani wa ku Japan. Akuyankha mafunso ankaphethira ngati magetsi akumuthobwa, koma kuphethirako kunali zizindikiro za Morse zolemba mawu a Chingerezi otanthauza kuzunza. Uwu unali umboni woyamba woonekeratu kwa akazitape a America. Stockdale atadziwa kuti akufuna kumuonetsa pagulu anadzicheka m'mutu ndi lezala, nadzimenya kumaso ndi mpando mpaka kutupa, kuti asakhale woonetseka. Pa 6 Julayi 1966, patangopita sabata imodzi ndege zitaphulitsa nkhokwe za mafuta pafupi ndi Hanoi ndi Haiphong, akaidi 52 anamangidwa awiriawiri nkuyendetsedwa m'misewu ya mzinda. Khamu linalusa kuposa mmene okonza anayembekezera, miyala ndi zibakera zinagwa, moti alonda omwe anavutika kuwalowetsa m'bwalo la masewera la Hàng Đẫy. Boma linali litaopseza kuti liwazenga milandu, koma mayiko atadzudzula, kuphatikizapo Papa Paulo VI ndi mlembi wamkulu wa United Nations U Thant, nkhaniyo inazilala.

Mkaidi wotchuka kwambiri anagwa pa 26 Okutobala 1967. John McCain, wa zaka 31, ananyamuka pa sitima ya Oriskany kukaphulitsa malo opangira magetsi a Yên Phụ, pakati penipeni pa mzinda. Mzinga unadula phiko la ndege yake, ndipo anagwera m'nyanja ya Trúc Bạch atathyoka manja onse ndi mwendo. Bambo wina wa m'deralo, Mai Văn On, anasambira nkuthandiza kumuvuula. Kumtunda khamu linamubaya ndi kumuphwanya phewa ndi chigunda cha mfuti. Anamutengera kuchipatala atadziwa kuti bambo ake ndi mkulu wa asilikali apamadzi, ndipo mu 1968, bambo akewo akupatsidwa udindo wolamula asilikali onse a America m'dera la Pacific, anamuuza kuti akhoza kupita kwawo. Anakana, potsata lamulo lakuti woyamba kugwidwa ndiye woyamba kutuluka. Anamumenya kwa masiku angapo mpaka nayenso anasaina kalata yovomera kulakwa, ndipo sanabise zimenezi atabwerera. Mpaka imfa yake mu 2018 sankatha kukweza manja kupitirira mapewa.

Zinthu zinasintha chakumapeto kwa 1969. Mtsogoleri wa North Vietnam, Ho Chi Minh, anamwalira pa 2 Seputembala chaka chimenecho. Ku America akazi a akaidi, motsogoleredwa ndi Sybil Stockdale, mkazi wa James Stockdale, anali atatopa ndi langizo la boma lakuti akhale chete, nayamba kuyankhula poyera. Mnyamata wina, Douglas Hegdahl, amene sanali woyendetsa ndege koma anagwa pa sitima yankhondo nkutoledwa ndi asodzi, anadzipusitsa mpaka alonda anamuyesa chitsiru, ndipo atamasulidwa mu Ogasiti 1969 anatchula pamtima maina a akaidi 256 ndi kufotokoza za zingwe. Kuyambira pamenepo kuzunza kwa tsiku ndi tsiku kunachepa kwambiri, chakudya chinawonjezeka, makalata nkuyamba kuyenda.

Pa 21 Novembala 1970 asilikali a America anatera ndi mahelikopita usiku pa msasa wa Sơn Tây, makilomita osakwana 40 kumadzulo kwa Hanoi, kuti akapulumutse anzawo. Anapeza msasa uli mbee, akaidi atasamutsidwa miyezi ingapo m'mbuyomo. Komabe ulendowo unapindula mwa njira ina. Poopa kuti zingachitikenso, boma linasonkhanitsa akaidi oposa 300 mu Hỏa Lò, m'zipinda zikuluzikulu zimene kale munkagona akaidi a atsamunda. Anthu odziwana pa khoma anaonana maso ndi maso. M'zipinda zomwe Lê Duẩn ndi anzake ankaphunzitsiranamo ndale munayambikanso sukulu: wodziwa Chisipanishi ankaphunzitsa Chisipanishi, wa masamu masamu, ndipo madzulo wina ankaimirira nkusimba filimu yonse imene anaonera kale, kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Mu Febuluwale 1971 anachita mapemphero a pagulu ngakhale analetsedwa, ndipo otsogolera atatulutsidwa kukalangidwa, otsalawo anaimba nyimbo ya fuko lawo mokweza mpaka zipinda zina zinalandira.

Ndege zazikulu zenizeni zoponya mabomba zinafika kumapeto. Zokambirana za mtendere ku Paris zitaima, pulezidenti wa America Richard Nixon analamula kuti ndege za B-52 ziphulitse Hanoi ndi Haiphong. Iliyonse inkanyamula anthu asanu ndi mmodzi, ndipo zina zinkasenza mabomba 108. Zinkanyamuka ku Guam ndi ku U-Tapao ku Thailand, kuyambira pa 18 mpaka pa 29 Disembala 1972, kupumula pa Khirisimasi pokha. Masiku oyamba zinkabwera mondondozana, njira imodzi, pa msinkhu umodzi, nkukhotera malo amodzi, ndipo oombera mizinga sanachedwe kuzindikira. America imati inataya ma B-52 okwana 15. Vietnam imati inagwetsa 34, ndipo nkhondo ya masiku amenewo imaitcha Điện Biên Phủ ya mumlengalenga, pokumbukira kumene inagonjetsa France mu 1954. Mwa anthu a m'ndegezo, 33 anagwidwa amoyo. Mmodzi anali Robert Certain, wolondolera njira m'ndege yoyamba kugwetsedwa usiku wa pa 18, amene pambuyo pake anadzakhala wansembe wa mpingo wa Episcopal nkulalikira pa maliro a pulezidenti Gerald Ford.

Akaidi akale amasimba kuti pamene nthaka inkanjenjemera ndi pulasitala kugwa kudenga, iwo ankakuwa ndi chimwemwe, poona kuti alonda agwidwa mantha ndipo nkhondo yafika kumapeto. Sindingawaweruze, poti ena anali atakhalamo zaka zisanu ndi ziwiri. Koma usiku womwewo unali wina kwa okhala kunja kwa mpanda. Pa 22 Disembala mabomba anagwera chipatala cha Bạch Mai nkupha ogwira ntchito 28. Pa 26 anasesa msewu wa Khâm Thiên, dera la nyumba zothithikana lomwe munthu akhoza kuyenda wapansi kuchokera pa chipata cha ndende, ndipo anthu pafupifupi 280 anafa usiku umodzi. Boma la Hanoi linawerenga anthu 1,318 ofa mumzindawo m'masiku amenewo, ngakhale ana ndi anthu ambiri anali atasamutsidwira kumidzi. Mabuku ambiri a oyendetsa ndege amadutsa Khâm Thiên mothamanga, kapena samutchula nkomwe. Samakonda kutchulanso za chilumba cha Côn Sơn, kumene mu 1970 kunaululika timakhola ta akaidi tomwe boma la Saigon ku South Vietnam, bwenzi la America, linkatsekeramo adani ake. Timakhola timeneto natonso anamanga ndi atsamunda a ku France. Chidutswa cha B-52 imene inagwa pa 27 Disembala chikadali m'kanyanja ka Hữu Tiệp, pakati pa nyumba za anthu ku Ngọc Hà.

Pangano la mtendere linasainidwa ku Paris pa 27 Januwale 1973. Pa 12 Febuluwale mabasi anatuluka pa chipata kupita ku bwalo la ndege la Gia Lâm, kumene ndege za C-141 zinanyamula gulu loyamba kupita ku Clark ku Philippines. Anatsata dongosolo lawo lija: odwala ndi ovulala patsogolo, kenako malinga ndi tsiku logwidwa. Alvarez anali m'gulu loyamba, McCain anatuluka pa 14 Malichi, ndipo a ma B-52 ambiri, poti anafika mochedwa, anali m'magulu omaliza chakumapeto kwa mweziwo. Onse omasulidwa, kuphatikizapo ochokera ku South Vietnam, Laos ndi China, anali 591.

Ndende sinakhale yopanda anthu. Inapitiriza kusunga mbava ndi zigawenga, komanso otsutsa boma. Mu Julayi 1979 mlakatuli Nguyễn Chí Thiện anathamangira mu ofesi ya kazembe wa Britain ku Hanoi nkusiya mpukutu wa ndakatulo zake, zimene zambiri mwa izo anazipeka ndi kuzisunga pamtima ali m'misasa ya ukaidi yopanda pepala. Anamugwira potuluka, nakhala mu Hỏa Lò mpaka 1985 asanamusamutsire kwina. Zaka zake zonse za m'ndende zinakwana 27. Amenewa ndi akaidi achitatu a makoma amenewa, omangidwa ndi boma la kwawo.

Chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, dziko litatsegula zitseko za malonda, malo a pakati pa mzinda anakwera mtengo. Kuyambira 1993 mbali yaikulu ya ndende inagwetsedwa, pamalopo nkumangidwa Hanoi Towers ndi ndalama za ku Singapore. Chotsala, chosakwana limodzi mwa magawo asanu, chinasanduka nyumba yosungiramo mbiri. Mu 1995 America ndi Vietnam anakhazikitsa ubale, ndipo McCain anali mmodzi mwa aphungu amene analimbikira kuti zitero. Kazembe woyamba amene anafika mu 1997 anali Pete Peterson, yemwe ndege yake inagwetsedwa mu 1966 nakhala mkaidi zaka 6 ndi theka. Mu 1999 kampani ya Hilton inatseguladi hotela mumzindawo, koma inasamala dzina, nkuitcha Hilton Hanoi Opera.

Wolowa pa chipata lero amaona zipinda zambiri zosimba nkhanza za atsamunda: ziboliboli za akaidi owonda ali m'matangadza, kachipinda kamdima kaja, chimpeni, ndi chidutswa cha ngalande imene anthu anathawiramo. Zonsezo ndi zoona, ndipo n'zoyenera kuonetsedwa. Oyendetsa ndege anapatsidwa tizipinda tochepa chakumapeto. Muli zovala zoulukira zimene amati ndi za McCain, ndi zithunzi za akaidi akusewera mpira, akukongoletsa mtengo wa Khirisimasi, akulandira makalata ndi mankhwala. Zithunzizo si zopeka, koma zambiri zinajambulidwa pa masiku osankhidwa, kamera itaitanidwa. Za zingwe mulibe mawu. Trần Trọng Duyệt, amene anayang'anira ndendeyi m'zaka zomaliza za nkhondo, anauza atolankhani mu 2008 kuti palibe mkaidi amene anazunzidwa, kuti McCain anali mnzake wokambirana naye, ndiponso kuti akanakhala nzika ya America akanamuvotera pa chisankho cha chaka chimenecho. McCain, amene anayendera malowa mu 2000 pamodzi ndi mwana wake, ananena poyera kuti sanawakhululukire alonda amene anazunza anzake, ngakhale anapitiriza kugwirira ntchito ubale wa mayiko awiriwo.

M'zaka zaposachedwa oyang'anira malowa ayambitsa maulendo a usiku, okhala ndi masewero, nyali ndi nyimbo, ndipo achinyamata a ku Hanoi amaguliratu matikiti nthawi ikadalipo. Masewerowo amasimba za omenyera ufulu a nthawi ya atsamunda. Zaka za pakati pa 1973 ndi 1993 zilibe chipinda, ndipo Nguyễn Chí Thiện, amene analemba buku la nkhani za m'ndende yomweyi, anamwalira ku California mu 2012.